Dzina la Mlongo Wako Walifufuta

Mwana wanga Limbani,

Ndikupatsa moni m'dzina la Mulungu wathu, iwe pamodzi ndi apongozi athu ndi ana ku Joniko. Kuno ku Liwaladzi tili moyo. Mwendo wa mayi ako wayamba kupola, ndipo mpunga tamweta.

Koma mtima wanga uli wowawa. Loweruka lapitali achinyamata anasonkhana pakhonde pano monga mwa masiku onse, ena atapalasa njinga kuchokera ku Dwangwa, kuti mlongo wako Tadala awaphunzitse kupanga mawebusayiti. Pamene iye anafuna kuika phunziro latsopano pa webusayiti yake ya maphunziro ija, inamukana, pakuti mawu achinsinsi olowera unawasintha. Ndipo taona, pamwamba pake pali chithunzi chako uli m'suti, dzina la mlongo wako walifufuta.

Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kani maphunziro onsewa analemba ndi achimwene anu?" Tadala anangotseka laputopu, nati, "Kazipitani, lero kulibe."

Ndidziwa kuti webusayitiyo unailembetsa m'dzina lako popeza iye analibe khadi la ku banki. Koma amene analemba maphunzirowo m'Chichewa, nakwera chulu cha kuseri kwa nyumba dzuwa likuswa mtengo kufunafuna netiweki, ndi iyeyo. Wosungitsidwa makiyi sasanduka mwini nyumba.

Bweza mawu achinsinsiwo kwa mlongo wako, ndi dzina lake pamalo pake. Ukapanda kutero, wanenetsa kuti sadzaphunzitsanso, ndipo ine sindidzamukakamiza. Usatitumizire katundu wa Khirisimasi usanakonze ichi, pakuti ndidzamubweza.

Ambuye asunge nyumba yako, nalere ana ako kuti asadzachitirane zotere.

Ndine bambo ako.