Mpando Wachitatu

Lachinayi, 14 Malichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ntchito yanuyo. Kuno tilipo. Ndamva kuti bambo anakuuzani pafoni kuti ndasiya kupita kwa alangizi aja a kuchipatala chifukwa cha mwano. Mwano ndili nawodi, mumandidziwa, koma imvaninso mbali yanga.

Chimwalirireni Kachipewa, mnzanga amene tinabadwa mapasa, pa ngozi ya galimoto ija, tulo sindinkatiwona. Ndinkamva likhweru lake pakhonde, lomwe lija ankandiitanira tikamachedwa kusukulu. Tsiku loyamba alangiziwo, mayi wa magalasi okhuthala, anati, "Zonse unganene muno zitsala muno, kupatula ngati moyo wako uli pangozi." Ine ndinangoti duu, milungu ingapo ndithu, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Iwo osandikakamiza. Tsiku lina anakoka mpando wachitatu, wapulasitiki wobiriwira, n'kuuika patsogolo panga. Amvekere, "Ngati sufuna kuyankhula ndi ine, yankhula ndi mlongo wako. Yerekeza kuti wakhala apa."

Ndinaseka, achemwali. Mumtima ndinati amayiwa mutu sukuyenda. Koma sabata yotsatira ndinapezeka ndikuukalipira mpandowo kuti, iwe chitsiru, unawolokeranji msewu osandidikira? Kuyambira pamenepo, ndikalowa ndinkayamba kupereka moni kwa iye. Kunena zoona, ndikaugwira mpandowo unkafunda. Ndi iyeyo amene ndinamuuza za mapiritsi amene ndinkabisa m'chipewa chake kuti ndimutsatire. Ndinaiwala kuti m'chipindamo munali makutu ena.

Alangizi anati, "Mwanawe, izi zokha sindingasunge. Ndiyenera kuwauza bambo ako." Ndinalira, ndinawagwira mwendo, koma ayi ndithu. Lolemba lake ndikutsegula chitseko cha alangizi, ndinapeza bambo afika kale, ndi ovololo yawo ya kugalaja, atakhala pampando wobiriwira uja. Pa Kachipewa penipeni! Ndinamva ngati galimoto ija yamugundanso. Ndinathawa osacheuka. Kuyambira tsikulo likhweru silinamvekenso, ndipo kuti zii kumeneko kunandiopsa kuposa likhwerulo.

Alangizi ankaimba foni, ine osayankha. Dzana ndikuweruka ndinawapeza pachipata cha sukulu, ambulera ili m'manja, nsapato zitanyowa. Ndinati, "Mwabwera kudzatola zina zokaulula?"

Anati, "Zowauza bambo ako sindipepesa. Bola uzidana nane uli moyo. Koma za mpando zija ndinalakwitsa. Ndinatuluka kukatenga madzi, pobwera ndinawapeza atakhalapo, ndiye ndinachita manyazi kuwadzutsa. Ndimadziwa mwini wake wa mpandowo. Pepa, mwanawe."

Munthu wamkulu kupepesa kwa ine! Ndinangofunsa ngati pampandopo pakhalanso anthu ena. Anati anaukweza pamwamba pa kabati, ukudikira ine.

Madzulo ake ndinawauza bambo za munthu amene anamukhalira. Achemwali, bambo aja amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro anakhala pansi m'khitchini, sopo akadali m'manja. Patapita nthawi anati, "Ungawafunse amayiwo ngati nanenso ndingayankhule naye? Mpando ndibwera ndi wanga."

Tipita mawa. Alangiziwo sindinawakhululukire kwenikweni, ndipo ndinawauza pamaso. Anati palibe changu. Ndikuopa kuti mpandowo ndikaupeza utazizira. Ndikuopanso kukaupeza ukufundabe, chifukwa sindidziwa ngati Kachipewa akundiitana kapena akungondidikira ndimalize kumukalipira. Mapiritsi bambo anataya, chipewa ndinachapa.

Chonde munditumizire chithunzi chija tili awiri ndi Kachipewa pa njinga yanu. Ndipo Lamlungu mukamaimba, mufunse ine, osangomva za bambo zokha.

Bambo akupereka moni. Inenso landirani moni wanga. Dzanja linayamba lokha kulemba moni wachitatu, wa Kachipewa, monga kale, ndiye mukaona pofufuta apo musadabwe. Moni wanu ndikampatsira mawa.

Ndine mng'ono wanu,
amene akadalipo