Khothi Likufuna Mayina a Anzanga

Manassas, Virginia
9 Okutobala 1996

Okondedwa achimwene a Ishmael,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiwo suli m'malo.

Paja ndinakuuzani kuti amayi a kutchalitchi kwathu ku Takoma Park timasonkherana ndalama. Tilipo khumi ndi asanu ndi awiri. Lamlungu lililonse aliyense amaponya madola makumi asanu, ine msungichuma n'kukaika ku akaunti yanga Lolemba, kuti tidzagawane pa Khirisimasi. Tinachita monga timachitira kwathu: tinapemphera, ndinagula kope lolembamo mayina, basi. Za kukalembetsa gulu kuboma palibe anaziganizira.

Lachisanu lapitali ndinapita kubanki kukatapa ndalama ya lendi. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana makina ake, anandiyang'ana ine, kenako anakaitana bwana wake. Bwanayo anandipatsa chikalata cha khothi chonena kuti akaunti yanga yatsekedwa. Muli madola 34,000 a anthu, ndi kangachepe kanga komwe.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti kuyambira mwezi wa Malichi woweruza analamula banki kuti izinena kuboma ndalama iliyonse yolowa. Miyezi yonseyi ine ndimawasekerera a kubankiwo, iwo akundiwerengera mapazi. A boma akufunsa kuti munthu wosambitsa nkhalamba pa madola asanu ndi awiri pa ola wazitenga kuti ndalama zonsezi. Akuganiza kuti ndimagulitsa mankhwala ozunguza bongo. Ine Edness, woti ngakhale fodya sindidziwa kukoma kwake! Tsoka silinunkha ndithu.

Loya amene ndapeza ku Fairfax akuti nkhaniyi ndi yophweka. Akuti ndingopereka kope lija, amayiwo abwere adzalumbire kuti ndalama ndi zawo, akaunti itsegulidwa. Koma achimwene, asanu ndi anayi mwa iwo mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha kalekale. Mmodzi ndi Lenifa, mwana wa a Chisale oyandikana nanu aja. Dzina lake likangofika kukhothi, mwina amukweza ndege, ndipo mukudziwa kuti nyumba yonse ya a Chisale imadya za m'manja mwake.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi panali phokoso. A Theresa, amene mapepala awo ali bwino, anati ndipereke mayinawo chifukwa iwo akufuna fizi ya mwana wawo. Lenifa anangondigwira mkono. Ena ayamba kale kunong'ona kuti ndalamazo ndadya, za khothi ndangopeka. Zimenezi zandipweteka kuposa chikalata chija.

Mlandu ulowa pa 28 mwezi uno. Ndikalephera kufotokoza kumene ndalama zinachokera, boma litenga zonse. Dzulo ndamuuza loya kuti mayina sinditchula. Anapukusa mutu, n'kundichenjeza kuti mwina ngakhale mapepala anga adzavuta. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Mugulitse nyumba yanga ya ku Mponela pamodzi ndi malo ake. Ndikudziwa kuti kwangotsala mazenera, ndiponso kuti amayi athu amayembekeza kulowamo mvula isanagwe. Musalimbane kwambiri pa mtengo, nthawi ndilibe. Ndalamazo mupatse a Mwamba, mkulu wa mpingo wathu amene ali ku Lilongwe pa tchuthi ndipo abwerera kuno mu Novembala. Ulendo uno mulemberane mapepala onse, kuti aliyense wofunsa aone kumene zachokera. Sizikwana, koma ndiyambirepo kubweza anthu.

Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi ana onse. Kwa a Chisale mupereke moni wokha, musawonjezere kanthu. Amayi muwauze inuyo, mutakhala nawo pansi. Asadzamvere kwa wogula akamadzayeza khonde lawo.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,
Edness