Chitenge Changa cha Malembo Ofiira

Loweruka, dzuwa lapendeka. Nakwiya, koma manyazi nilibe.

Mabvuto, mwana wobala nekha, wanichotsera chitenge pachingwe n'kupita nacho kunyumba kwake ku Silverest. Akuti nizamuchotsetsa nchito ku bungwe kwawo.

Malembo ake ninasoka nekha na ulusi wofiira, masabata atatu, kutengera zilembo m'buku la nyimbo: UKAZI NI WOBADWA NAWO. Dzulo ninachivala ku msonkhano wa kalabu yathu ku Chongwe, kumene alendo a ku Lusaka, a mabungwe monga la Mabvuto, amati pampando wa azimai mu komiti angakhalepo aliyense wodzitcha mkazi. Mtsikana wina wa m'gulu lawo ananifunsa, "Ambuya, muziwa zimene mwavala?"

Ninati, "Mwanawe, sukulu sininaiponde, koma nine mzamba. Theka la mudzi wathu ninalilandira na manja awa. Mpando uja tinaumenyera ise, amuna akutiseka."

Ba Tisa, mnzanga wa kalekale, anaimba nthungululu. Ninayenda monyadira mpaka kunyumba.

Lachitatu tikavotera mpandowo, ndipo sinipita wosavala mawu anga. Mabvuto, kwera minibasi unibwezere chitenge changa. Usatume mkazi wako, ubwere wekha.