Mawu a Malemu mu Fulashi

Lachinayi, Area 4. Ndinadzuka mtima uli m'mwamba, koma tsiku latha bwino.

Laputopu ya malemu amuna anga yatopa. Mayi Nyirenda, mnzanga wakale wa ku Capital Hill, andipangira dawunilodi Linux, pulogalamu yaulere yoti iidzutse. Vuto linali fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu, chifukwa Linux imayenera kudzera momwemo kuti ilowe mu laputopu. Poikamo Linux zonse zimafufutika, pomwe mawu a malemu akuimba kwaya anali momwemo mokha. Ndawakopera m'foni mwanga, m'kompyuta ya mnzangayo ndi kwa mwana wanga. Ndamvetsera konse kutatu mpaka pomwe amatsokomola kumapeto.

"Dinani, amayi," anatero Mayi Nyirenda. "Bambowo tawasamutsa kale."

Ndinadina batani loikira Linux, kagetsi ka fulashi n'kuphethira mpaka kumaliza. Mawa tiyatsa laputopu. Ikadzuka, choyamba kumva ndi chifuwa chawo chija, kenako nyimbo yonse.