Ngwazi Yagwetsedwa ndi Chala

Lachiwiri, 4 Juni

Chala chachikulu cha kuphazi lamanja. Chofiira, chotupa ngati phwetekere, chotentha. Ngakhale nsalu yofunda ikachikhudza ndikukuwa. Ine Barkat, amene pa masewera ogwetsana ndinkagwetsa zimphona za mzinda wonse wa Gujranwala, lero ndapita kuchimbudzi chokwawa. Shagufta mkazi wanga anaima pakhomo, manja m'chiuno: “Ndiitane atolankhani? Ngwazi yagwetsedwa ndi chala.” Kubwalo sindinapite. Anyamata anga agwetsana okha popanda mphunzitsi.

Lachinayi, 6 Juni

Kuchipatala, pa rikisho, kanjinga kamoto ka matayala atatu, phazi lili panja ngati mbendera. Dokotala wake mtsikana, Rubab, msinkhu wa mwana wanga. Ndamuonetsa chala, iye n'kutenga tepi ya telala kuyeza mimba. Ndinakokera mpweya m'kati. Sizinathandize. Ndati, “Imeneyi ndi minofu, mwanangu.” Wati, “Inali minofu, Ustadi.” Naye akudziwa kuti aliyense amanditchula Ustadi, mphunzitsi.

Magazi ayezedwa. Yuriki asidi wakwera, ndiye amene akuuma ngati mchenga m'mfundo ya chala. Ndinasangalala, ndimati nkhani yathera pomwepo. Ayi. Bipi yakwera. Shuga ali pakhomo. Mafuta m'magazi ochuluka. Akuti zimenezi zimakonda kuyendera limodzi, ndipo mimba ndiye nyumba yawo. Mawu ake: “Chalachi chokha ndicho chili ndi pakamwa. Anzakewo amagwira ntchito mwakachetechete, pa mtima ndi pa impso.” Ndinamuthokoza mwaulemu, mumtima ndikuti kamwana aka sikanagwetsepo munthu.

Loweruka, 8 Juni

Mphodza. Mphonda zowiritsa. Chapati chimodzi chopanda mafuta. Chiwindi ayi, mang'ina ayi, zakumwa za m'botolo ayi, chambiko koma chopanda shuga. Chambiko chopanda shuga n'chilango cha akuba. Shagufta wabisa botolo la mafuta a batala. Ndinalipeza kuseri kwa makina osokera. Ndinangolinunkhiza. Mulungu ndi mboni, kawiri kokha.

Lachiwiri, 11 Juni

Chala chaphwa. Ndavala nsapato zonse ziwiri. Nditachoka kumzikiti m'mawa miyendo inandipititsa yokha kwa Haji wogulitsa nihari, msuzi wa nyama wonona uja, ndipo mnzanga Mushtaq anali kale pa benchi. Mushtaq amene tinkathyolana nthiti pa dothi tili anyamata, lero tonse benchi ikulira. Ndamuuza za dokotala, waseka mpaka kutsamwa. Iye chala chakhala chikumuvuta zaka zambiri. Amameza mapiritsi a ululu, basi. “Iwe Barkat, wayamba kuopa msuzi? Haji, muwonjezereni mafuta a m'fupa, akufuna kulira uyu!” Ndinadya mbale ziwiri kuti ndisunge ulemu wanga. Kunyumba ndinanena kuti ndachedwa ndi mapemphero. Shagufta anangoloza dontho pa malaya.

Lolemba, 17 Juni

Idi. Mbuzi taipha, chiwindi chapsa, fungo mpaka kumsewu. Alamu anga andiikira m'mbale ndi manja awo, kukana kukanakhala mwano. Madzulo chala chayambanso kugunda ngati ng'oma. Phwando lonse ndalionera pa machira, phazi pa pilo, adzukulu akulizungulira ngati chinthu cha kumalo oonetsera zakale. Mmodzi wafunsa ngati lidzaphulika.

Lolemba, 24 Juni

Sindinalembe. Mushtaq anagwa Lachinayi, m'sitolo mwake, akupimira munthu mpunga. Sitiroko. Mbali yamanja yonse yafa, pakamwa papotoka. Mwana wake akuti bipi inali pamwamba zedi, shuga nayenso, ndipo palibe ankadziwa. Ankadziwa za chala chokha.

Ndabwerera kwa Dokotala Rubab ndekha, wosatumidwa. Tepi itabwera sindinakokere mpweya m'kati. Wandipatsa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndi lamulo loyenda m'mawa uliwonse. Sananene kuti “ndinakuuzani”. Bola akananena.

Lachitatu, 26 Juni

Kuyenda kupaki. Ine, amayi okalamba atatu, ndi bambo wina wa ndodo amene anandipitirira kawiri. Anyamata anga a kubwalo anandiona akuthamanga, anaima n'kugwira pamtima: “Ustadi, mwataya chiyani, tikuthandizeni kufuna?” Ndati ndikuyang'anira mmene akuthamangira. Wefuwefu anandiulula.

Lachisanu, 28 Juni

Ndapita kukaona Mushtaq. Ndakhala ndikuzengereza, ndine wamantha, ndilembe zoona. Wachepa pa bedi paja. Mkazi wake akuti chigwereni sanatulutse mawu omveka. Anandipatsa mbale ya phala kuti ndimumwetse, mayiyo akapume panja. Ine kumwetsa Mushtaq ndi sipuni! Theka linathera pa chibwano. Ndinamusimbira za mphodza, za kupaki, za bambo wa ndodo. Diso limodzi likundiyang'ana, kenaka latsikira pa mimba yanga n'kukhazikika pomwepo. Milomo ikulimbana, thukuta pamphumi. Ndinawerama kuti ndimve, ndimati mwina akufuna kundisiyira mawu a ana ake.

“Mi... mimbayo... miyezi... ingati?”

Ndathamangira kukhonde, kutsimphina konse kuiwala, kukuwira mkazi wake kuti bwerani, walankhula, walankhula! Anabwera akulira, akufunsa kuti wati chiyani. Ndati wapempha madzi.