Nsinjiro za Amayi Zikutha a Lighton

Mindolo, Kitwe

Okondedwa alamu anga a Zacharia,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ku Katete pamodzi ndi ana. Kuno ine ndilipo, koma ang'ono anu a Lighton sali bwino ayi.

Chiwachotsereni ntchito mgodi utagulitsidwa, thupi langokhala likutha, mimba yokha ndiyo ikukula. Kuchipatala anawabaya pamimba, ndipo zimene zinatuluka, alamu, zinali zoyera mbee ngati mkaka.

Adokotala anandifotokozera kuti mafuta amene timadya, matumbo amawaumba timibulu ting'onoting'ono n'kutitumiza m'timitsempha takenso, mpaka tikalowe m'magazi cha pakhosi apa. Kwa a Lighton TB yawononga njira imeneyo, ndiye mafutawo akungochuchira m'mimba. Anati mankhwala azimwa, koma zonona asalawe n'komwe mpaka njirayo ipole, chifukwa zikamadzaza mimba n'kumapopedwa, mphamvu zawo zimatayika limodzi ndi madziwo.

Ndinayamba kuwaphikira ndiwo zongowiritsa. Mimba inayamba kuphwa, mpaka ankafika okha pageti.

Kenaka amayi anu anabwera kudzazonda. Ataona ndiwo zanga anawomba m'manja, ati ndikupha mwana wawo ndi njala poti malipiro anatha. Ati kwathu wodwala amadzuka ndi nsinjiro. Anapita okha kumsika wa Chisokone kukagula mtedza ndi nkhumba yonona. Ndikati ndilankhule, amandifunsa ngati a Lighton ndinawabereka ndine. Ndinawapempha tipitire limodzi kwa adokotala, ati dokotala sanayamwitsepo mwana.

A Lighton mukuwadziwa, sangakane mbale ya amayi awo. Amadya akundiyang'ana, misozi ili lengelenge.

Lero mimba yabwerera, yalimba ngati ng'oma. Kupuma kukuwavuta, sangathenso kugona chagada.

Ndakwiya, alamu, sindikubisirani. Ndikudziwa kuti amayi akuchita izi chifukwa cha chikondi, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Kunyozedwa ndingapirire, koma sindikufuna kuika mwamuna wanga m'manda ndikuona chomupha chikuphikidwa pambaula yanga.

Amayi amamvera inu nokha. Chonde kwerani basi mudzawalande mtondo. Mukachedwa, mtedza watsalawu tidzasinjira anthu obwera pamaliro.

Mundiperekere moni kwa amake Pius ndi onse a pakhomo. Ambuye akutsogolereni panjira.

Ndine mlamu wanu,
Anastasia