Anatopa Ndine, Osati Peace

Sadzi, Zomba
21 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo. Nanga bondo lija likuvutabe? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya. Madzi pampopi akubwera kamodzi patsiku, ndipo ku ofesi kwathu masana anthu akumangosinza.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Chipinda chathu n'chimodzi, ndipo Peace ngakhale saona, makutu ake mukuwadziwa. Ndikanong'ona panja amamva. N'chifukwa chake ndapatsira a Abdulrazak a minibasi.

Nkhani ndi ya mpikisano wothamanga m'phiri uja. Zimene Peace anakuuzani pafoni, zoti anatopa n'kusiyira panjira, si zoona. Anatopa ndine.

Munthu wosaona amathamanga ndi womutsogolera, awiriwo atagwirizira kachingwe kakafupi. Miyezi inayi yonse, amene ankalawirira kukwera phiri ndi Peace ndi Steven, mnzake wa kuyunivesite. Ine ndinapitako katatu kokha. Koma nditamva kuti kubwera ojambula ndi a wailesi, ndinaumirira kuti mkulu wake ndine, kachingweko ndigwira ndine. Steven sanalimbane nane. Anangondichenjeza kuti makilomita makumi atatu a m'phiri si mpira wa Loweruka. Ndinamuseka, poti mwana wanune mukundidziwa pakamwa.

Tinanyamuka m'tauni m'mawa ndipo tinakwera bwino mpaka kudamu la Mulunguzi. Pamalo oyamba omwera madzi sindinaime, chifukwa anthu ankatiombera m'manja ndipo ndinkafuna andione kuti ndine dolo. Kumtunda komwe anadula mitengo ya paini kulibe mthunzi ndi pang'ono pomwe. Dothi linkatentha mpaka m'nsapato. Ntchito yanga inali kumuuza kuti apa mwala, apa muzu, apa potsika. Dzuwa litafika pamutu lilime linauma, miyala ndinayamba kuiona iwiriiwiri, kenako ndinasiya kuyankhula.

Peace anazindikira ndisananene kanthu. Akuti kachingwe kankakoka mokhotakhota ngati wagwira ndi woledzera. Anaima, n'kundiuza kuti akumva madzi chakumanzere, ndimutsate. Amayi, mwana wanu wosaona ndi amene ananditsogolera mpaka pakamtsinje. Anavula malaya ake, kuwaviika, n'kundiphimba nawo kumutu. Iyeyo ankapuma bwinobwino ngati akuchokera kutchalitchi.

Pamene oyang'anira mpikisano ankafika panjinga yamoto, ine n'kuti ndadzuka, ndakhala tsonga. Peace anali chosavala malaya, mapazi ali m'madzi. Onse anathamangira kwa iye. Wina ananena mokweza kuti ankadziwa kale kuti wolumala sangamalize mtunda woterewu. Pakamwa panga panali patanyowa, mawu akanatuluka, koma ndinakhala chete. Anatilanda manambala, n'kulemba m'buku lawo kuti wothamanga wosaona walephera chifukwa cha kutentha. Ine ndinangowaonerera akulemba. Kunali kutatsala makilomita asanu ndi atatu, ambiri ake otsetsereka, ndipo Steven ankatidikira kumunsi pomalizira.

Kuyambira tsikulo Peace sanandinenepo mawu owawa. M'mawa uliwonse amandifunsa ngati mutu wasiya kupweteka. Zimenezo ndiye zikundidya. Bola akanandikalipira. Nditamufunsa chifukwa chake anakunamizani, anati anthu anazolowera kale kumva kuti iye walephera, sizimupweteka ngati mmene zingandipwetekere ine. Ndinalira, Amayi, ndikuchita kudziluma kuti asamve. Anamva ndithu.

Lolemba ndinapita kwa okonza mpikisano kukawauza kuti akonze zimene analemba. Mayi amene ndinawapeza anandiyang'ana nthawi yaitali asanatenge cholembera. Kachingwe ndakabweza kwa Steven. Chaka chamawa ine ndidzaima pamalo omwera madzi ndi mabotolo, imeneyo ndiye ntchito yondiyenera.

Koma mlongo wathu Ellah wandiuza kuti abambo alamula kuti Peace asathamangenso. Akuti ananeneratu kuti za m'phiri si za munthu wosaona, ndipo nsapato zake ndibwere nazo pa Khirisimasi, azivala mng'ono wathu Winston. Amayi, kuthamanga ndi kumene kunamutulutsa Peace m'nyumba kuno. Chaka chatha ankangokhala pakhomo ndi wailesi. Abambo akanena amamvera, ndiye akapanda kusintha mawu awo, ndithu Peace asiya kuthamanga, chifukwa cha bodza loteteza ine.

Pempho langa ndi limodzi. Awerengereni abambo kalatayi yonse, osadumpha pochititsa manyazi. Ndikudziwa kuti mumakonda kundibisira zolakwa kuyambira ndili mwana, koma ulendo uno musatero. Ngati abambo akufuna nsapato za munthu amene analephera, auzeni ndibwera ndi zanga.

Mundiperekere moni kwa abambo akamaliza kukalipa, kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga, kwa Ellah ndi Winston. Peace wangolowa kumene, akufunsa kuti ndikulemba chiyani chachitali chonchi. Ndikamata envelopu ndimuuza.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Jimmy